Kambulu Koyera ndi Mawu a Anesi

Kumapiri a ku Ligowe m'zaka zimenezo, munthu akamwalira achibale ankatuma mithenga itatu: wina kwa amfumu, wina kwa akulu a mpingo, wina kwa Anesi. Anesiyo sanali wa udindo uliwonse, ndipo sukulu analekezera sitandade 3. Anali mlimi wa mbatatesi monga anzake onse, wamfupi, wamatewe pang'ono, woyankhula mothamanga moti mwamuna wake Laimoni ankati kucheza naye kumafuna munthu wodya kaye. Koma ndiye ankayambitsa nyimbo.

Ntchito imeneyi musaipeputse. Kuimba aliyense amaimba, ndipo wa mawu oipa amabisala m'gulu. Woyambitsa alibe pobisala. Bokosi likamatuluka m'nyumba, anthu onse ali chete, pamafunika munthu mmodzi woti aitole nyimbo pamalo pake, osaikweza kuti azimayi angalephere kufikapo, osaitsitsa kuti azibambo angamire nayo. Anesi sankaphonya. Mawu ake ankaoloka chigwa, ndipo olima kutsidya ankaimika makasu n'kudziwa kuti maliro anyamuka.

Amayi ake, a Yunike, anali munthu wa lilime lakuthwa, wosadziwa kuyamikira mwana pamaso. Chiyamikiro chawo chinali chimodzi chokha, ndipo ankachinena mokalipa. "Tsiku langa likadzafika," ankatero, "ndisadzamve wina akundiyambitsira nyimbo. Ndidzadzuka m'bokosimo." Anesi ankaseka, koma mawuwo anawasunga mumtima. Mwana wamkazi anali yekha, ndipo ankadziwa kuti m'dziko lonse amayi ake sanamupemphe kanthu kena.

Matenda anabwera mu 1974, atabereka mwana wachinayi, Jessie. Panalibe kutentha thupi, panalibe pamene pankapweteka. Anesi anangoyamba kuzizidwa. Mwezi wa Okutobala, nkhuku zili kukamwa yasa ndi dzuwa, iye ali pakhonde wafunda bulangete. Nkhope inatupa, khungu linatuwa, tsitsi linkatsalira m'chipeso. Ankagona ali pamtondo, munsi uli m'manja. Ukamufunsa funso m'mawa, yankho linkabwera utaiwala kale chimene unafunsa. Kenako mawu anasasa, natsikira pansi mpaka kumamveka ngati a bambo wokalamba wosuta chingambwe.

Anthu pakamwa salipira msonkho. Ena anati ndi ulesi, ena anati azimayi ansanje amukhalira pa mawu. Atcheyamani a chipani anabwera kudzafunsa chifukwa chimene sankaonekeranso kokonzekera magule, atakonzeka kukalipa, koma atamuona anavula chipewa n'kubwerera osamaliza moni. A Yunike anayenda kwa asing'anga awiri, Akhristu ali Akhristu, nabwera ndi mizu yowawa imene sinaphule kanthu. Chimene chinkamuwawa Anesi sichinali nkhope kapena tsitsi. Maliro ankachitika, mthenga wachitatu uja osabweranso, ndipo iye ankamva ali pakhonde wina akuyambitsa nyimbo mokweza kwambiri.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Pachipatala chaching'ono cha kuderalo panali dokotala wothandizira, a Malizani, ochokera ku Dedza. Tsiku lina Anesi anakwawira kusikelo ndi Jessie, ndipo a Malizani atawerenga dzina pakhadi anadzutsa mutu.

"Kodi si inu munaimba pamaliro a aphunzitsi aja chaka chatha?"

Anesi anatenga nthawi. "Ndine," anayankha, ndi mawu aja a chingambwe.

A Malizani anapereka mwana kwa anamwino, n'kumuuza Anesi kuti agwade pampando. Anatenga kanyundo kamphira n'kumugogoda kumbuyo kwa chidendene. Phazi linadumpha, koma pobwerera linabwerera mwaulesi, pang'onopang'ono. Anagogodanso, akuyang'anitsitsa. Anamugwira pakhosi, anamumva mtima, kenako analemba kalata.

"Mayi, simunalodzedwe, ndipo si ulesi. Pitani ku Gulupu, chipatala chachikulu cha ku Blantyre, ndi kalata iyi. Musachedwe."

Laimoni anamuperekeza. Anatsika mapiri palole ya mbatatesi, makhadi a chipani ali m'thumba la malaya poopa achinyamata a chipani ofunsa makhadi pasiteji, naoloka Shire pa Matope. Ku Gulupu anamutenga magazi, anamugoneka masiku angapo, ndipo dokotala wina anafotokoza zambiri kudzera mwa namwino: kuti pakhosi pali kachiwalo kotchedwa chithokomiro, kuti kake kanafooka, kuti mankhwala ake ndi thairokisini, kambulu kamodzi m'mawa uliwonse asanadye kanthu, moyo wake wonse. Anesi ankangogwedeza mutu, tulo tili m'maso. Atamupatsa botolo lofiirira anasuzumiramo, ndipo mtima unagwa. Timibulu take tinali toyera, tochepa kuposa njere ya mphodza. Ulendo wonse uja, lole yonse ija, kudzatengera tinthu toti nkhuku ikhoza kutola osazindikira kuti yadya.

Sabata yoyamba panalibe chosintha. Yachiwiri chimodzimodzi, ndipo a Yunike anayamba kutsonya. Koma sabata yachitatu Anesi anadzuka m'mawa n'kupita kumadzi, ndipo ali m'njira anazindikira kuti bulangete waisiya pamphasa. Anaima ndi ndowa pamutu, akumva mphepo pamikono, osanjenjemera. Nkhope inayamba kuphwa. Maso amene anabisala m'zikope anatulukanso. Laimoni anadandaula kwa anzake, akumwetulira, kuti mtendere wake watha chifukwa mkazi wayambanso kuyankha asanafunsidwe. Ndipo tsiku lina m'mwezi wachinayi, akupalira mbatatesi, nyimbo inangotuluka yokha. Anaponya khasu pansi, anagwira pakhosi pake ndi manja onse awiri, n'kulira ngati mwana.

Mudzi wonse unazizwa, ndipo ine sindiwaseka. Anthu anali ataonapo jekeseni akudzutsa wodwala malungo, koma apa panali pena. Munthu anali atachoka ali moyo, chaka chathunthu, ndipo kanthu kosaoneka bwino pachikhatho kanapita kukamutenga kumene anali n'kumubweza yense, ndi liwiro lake, ndi nthabwala zake, ndi mawu ake. Azimayi ankabwera kudzapempha kuti angoliona botololo. Anesi mwiniyo m'mawa uliwonse ankakayang'ana kambuluko kaye asanameze, ndi mantha pang'ono, monga munthu ayang'anira mtsinje wodzaza.

Tsono apa ndi pamene chikondi chinalakwitsa. Kubanja la a Yunike kunali mwambo wochokera kwa makolo: munthu akachira, mankhwala otsala sagona m'nyumba, chifukwa amaitana matenda kuti abwerere. Amakatayidwa pamphambano m'mamawa, wotayayo osacheuka. Anesi atabwera ndi botolo lachiwiri, ali wonenepa bwino ndi wowala, amayi ake anamukhazika pansi.

"Iwe wachira. Ukusungiranji zimenezi?"

"Adokotala anati ndizimwa moyo wanga wonse, amayi."

"Unaona kuti munthu wochira akumwa mankhwala? Mankhwala osatha ndi mankhwala anji? Ukuwaitana wekha matendawo. Bweretsa kuno."

Anesi akanatha kukana. Koma thupi lake lomwe linkavomereza amayi ake, pakuti mphamvu anali nazo zoti n'kugwetsa mtengo, ndipo mawu a dokotala uja anawamva ali m'tulo. Anapereka botolo. Kutacha a Yunike anapita pamphambano ya njira ya kutchalitchi ndi ya kumsika, anakhuthula timibulu tonse, anaponya botolo m'tchire, nabwerera osacheuka, mtima uli mbee.

Choipa cha matenda amenewa n'chakuti sathamanga. Sabata zinadutsa Anesi ali bwinobwino, ndipo a Yunike ankayenda mutu uli m'mwamba. Kuzizidwa kutayambanso, anati ndi mphepo ya mvula. Tulo titabwerera, anati ndi ntchito ya kumunda. Kenako kunagwa maliro a mkulu wina wa mpingo, a Lameki, ndipo mthenga wachitatu anabwera. Bokosi linatuluka, anthu anakhala chete, maso onse kwa Anesi. Iye anakoka mpweya, natsegula pakamwa. Chimene chinatuluka sichinali nyimbo. Anayesanso, osatheka. Onyamula bokosi anaima pakhomo osadziwa chochita, mpaka mayi wina kumbuyo anaitola nyimboyo mwamanyazi. A Yunike anali pomwepo, mayadi atatu kuchokera pa mwana wawo, ndipo anamva zonse.

M'mawa mwake anthu opita kumsika anapeza a Yunike atagwada pamphambano, akufukula dothi ndi zala. Mvula inali itagwapo kangati, timibulu tikanapezeka kuti? Anapeza botolo lokha m'udzu, lodzaza matope. Analitsuka, analimanga pansonga ya chitenje, nayenda wapansi mpaka kwa a Malizani, n'kuliika patebulo.

"Adokotala, wolakwa ndine. Ndinataya ine. Ndikalipireni, koma mwana wanga mum'bwezere mawu."

A Malizani sanakalipe. Anawayang'ana mayiwo, zikhadabo zili ndi dothi, nafunsa: "Amayi, moto ukazima m'nyumba mwanu mumatani?"

"Ndimakapala kwa anzanga."

"Nanga nkhuni zanu zikakhala zoti sizisunga moto mpaka m'mawa?"

"Ndiye kupala tsiku lililonse, basi."

"Ndi mmene alili mwana wanu. Kachiwalo ka pakhosi kaja ndiko kamasunga moto wa thupi, ndipo kake sikadzasunganso. Kambulu aka sikachotsa matenda ayi. Ndi khala la moto la tsiku limenelo. Mukamuona ali bwino, ndiye kuti wapala. Akaleka, nyumba izizira."

A Yunike anayang'ana botolo lija patebulo. Kenako anati, "Bwanji a ku Gulupu aja sananene choncho?"

A Malizani analembanso kalata, ndipo pambuyo pake anakonza zoti mankhwalawo azifikira pachipatala chawo chomwecho. Mawu a Anesi anabwereranso, mochedwerapo kuposa poyamba, ndipo kachiwiri aka anthu anazizwa koposa, chifukwa tsopano anaona ndi maso kuti kambulu kaja kakachoka munthu amazima, kakabwera amayaka. Botolo a Yunike analilanda, koma ulendo uno analisunga m'chitini cha tiyi kumutu kwa mphasa yawo. M'mawa uliwonse, phala lisanaphikidwe, ankadutsa pabwalo ndi kapu ya madzi, kambulu kali pachikhatho, n'kuima pakhomo pa mwana wawo.

"Iwe, dzapale moto."

Anachita zimenezi zaka khumi ndi ziwiri, mvula kaya dzuwa. Laimoni, monga mkamwini waulemu, akamva mapazi a apongozi ankazembera kuseri kwa nkhokwe, pakuti awiriwa chikwatirire sanakhalepo pamphasa imodzi kapena kuyang'anana m'maso. Anesi anaimba maliro osawerengeka, maukwati, misonkhano ya amayi a Mvano. Anabereka ana ena awiri. Anakangana ndi amayi ake za mbuzi, za malire a munda, za mchere wa m'ndiwo, koma pa kambulu sanakanganenso.

A Yunike anamwalira mu Juni 1988, atadwala chifuwa sabata ziwiri. Tsiku loika maliro kunacha ndi nkhungu. Anesi anali m'nyumba ya siwa pakati pa azimayi, pafupi ndi mutu wa amayi ake, maso atatupa. Kunja kutayera anapezeka akutchera khutu kudikira mapazi aja, ndipo atakumbukira kuti sabweranso, anaopa kuti lero, tsiku lokhalo limene anapemphedwa, mawu amukana.

Pakhomo panamveka kutsokomola. Anali Laimoni, atagwada panja pamene amuna amalekezera, kapu ya madzi kudzanja lina, chitini cha tiyi kudzanja lina. Anesi anatuluka.

"Chitinichi mwachitenga kuti, abambo a Jessie?"

"Anandiitana Lachitatu, inu mutapita kumadzi," anatero Laimoni, maso ali pansi. "Anandikhazika pamphasa pawo, ine. Anandigwira dzanja n'kundiyang'ana m'maso. Anati ntchito iyi andisiyira ine, ndipo ndikadzaphonya tsiku limodzi adzandipeza." Anatsegula chitini, naika kambulu pachikhatho. "Amake Jessie, dzapaleni moto."

Anesi anakayang'ana kambuluko monga ankachitira masiku oyamba aja. Kanali komweko, koyera, kochepa kuposa njere ya mphodza, ndipo m'kati mwake munali zaka khumi ndi ziwiri za nyimbo ndi mapazi a amayi ake pabwalo. Anameza, namwera madzi.

Dzuwa litakwera, bokosi linatuluka. Mwambo umati mwana wa malemu alire, oimba akhale ena, ndipo mayi wina anali atakonzeka kale kuyambitsa. Anesi anamugwira mkono. Anaimirira, anapukuta nkhope ndi chitenje, nakoka mpweya. Nyimbo anaitola pamalo pake penipeni, osakweza, osatsitsa, ndipo khamu lonse linalowamo. Kutsidya kwa chigwa, okumba mbatatesi anaimika makasu.

A Yunike sanadzuke m'bokosimo. Panalibe chowadzutsa.