Mabotolo Akuda Pawindo Losokera

Mwana wanga wamkazi atabwera kutchuthi kuchokera ku yunivesite ku Lusaka, m'chikwama mwake munatuluka timabotolo ta madzi akuda bii, tokulungidwa m'masokosi. Anatindandalika pawindo la chipinda chomwe ndimasokeramo ku Nabvutika, n'kundiletsa kutigwedeza.

"Amayi, m'madzimu muli fumbi la mkuwa losalala kuposa ufa wosefa," anatero. "Madzi otere amachotsa kutentha mu injini msanga kuposa madzi wamba. Vuto n'lakuti fumbilo limagwirana n'kumira pansi. Likamira, basi, ntchito yake yatha."

Ndinamva msanga, pakuti thobwa nalo limatero ukalisiya.

M'botolo lililonse anali atathiramo mankhwala osiyana oletsa fumbilo kugwirana, ndipo chotsala chinali kudikira. Bambo ake, amene amakonza maminibasi pafupi ndi msika, anasankha botolo lawo ngati timu ya mpira. Ine ndinatenga lakumapeto, la mankhwala onga sopo. M'mawa tisanamwe tiyi tinkayamba tapita pawindo kukasuzumira. Obwera kudzayesa madiresi nawonso analowerera. Mayi wina wachisilamu, amene ndimagulako nsalu, ankangofika pakhomo n'kufunsa kuti, "Anzanga, lathu lija likadalimba?"

La bambo ake ndilo linayamba kugonja: pamwamba mbee, pansi matope. Iwo anati dzuwa likukondera langa, ndiye anasinthanitsa malo a mabotolowo mwana ali kubafa. Mwanayo atazindikira anayesa kukalipa, koma anathera kuseka mpaka kukhala pansi.

Langa linakhalabe lakuda mpaka tchuthi kutha. Asanabwerere, tonse tinapita kugalaja. Mwanayo anadzaza timapaipi tiwiri ta rediyeta yakale, kena madzi wamba, kena a m'botolo langa, n'kutiviika m'beseni la madzi otentha. Pa choyezera kutentha, akudawo anatsogola kutentha pang'ono chabe, koma amakanika onse anawomba m'manja.

"Mwanawe, ndithire mu minibasi?" anafunsa bambo ake.

"Ayi atate, sizinafike pamenepo. Angakutsekereni mapaipi."

Anagwedeza mutu, mtima uli pansi, ngati ayankhidwa ndi mmisiri mnzawo. Popita kokwerera basi ananyamula okha chikwama cha mwanayo, ndipo anamupezera mpando wakutsogolo, akuuza kondakitala kuti wakwerayo ndi injiniya.