Lipenga la Gilibati lachonanso

Lamlungu lapitali, titaweruka kutchalitchi ku Bandawe, ndinakhotera kwa Ada Manda monga mwa masiku onse. Okonda jazi kuno ku Chintheche tilipo ochepa, ndipo likulu lathu ndi khonde la mdala ameneyu. Kulibe komiti, kulibe wapampando. Umangofika, kukhala pabenchi, n'kutseka pakamwa.

Mwana wawo wamkazi, Nyamanda, analumikiza foni ku kasipika n'kudina. Kunali zii. Anadinanso. Dzina la chimbale linalipo, chithunzi chake chinalipo, koma nyimbo zonse zinali zitatuwa, ndipo pansi pake panalembedwa kuti sizikupezekanso. Tinanamizira bandulo, kenako netiweki. Ndinayesa pafoni yanga, zomwezo.

"Asambizi, mku wangu wachedwa lero," anatero Ada Manda uku akuseka. Amanditchula choncho chifukwa ndine mphunzitsi, ndipo mkulu wawo amene ankamunenayo ndi Gilibati.

Gilibati anapita ku Joni Ada Manda ali kamnyamata, monga ankachitira amuna ambiri a m'mbali mwa nyanja muno. Anzake ankabwerako ndi masuti ndi njinga. Iye anachona. Chokhacho chimene chinafika kumudzi ndi chimbale cha jazi, dzina lake litalembedwa kuseri m'timalemba ting'onoting'ono, kuti ndiye woimba lipenga. Patapita zaka kunabwera uthenga wakuti anamwalira. Abale analira maliro opanda mtembo, ndipo mpaka lero palibe akudziwa pamene pali manda ake.

M'nyimbo ina ya pachimbalepo, ng'oma zimayamba zaleka, ndiye mumamva munthu akukoka mpweya asanaombe lipenga. Pamenepo Ada Manda amakweza chala. "Mwamumva? Wapuma." Ena tonse timabwerera jazi, koma mdalayu amadikira kampweya kameneko.

Nditafika kunyumba ndinafufuza. Kampani yaing'ono imene inajambula chimbalecho yagulitsidwa kwa kampani ina yaikulu ya kunja. Eni atsopanowo achotsa kaye nyimbo zakale, ati akuziunika kuti aone zoyenera kutulutsanso. Sananene kuti liti. Ndipo inu mukuganiza kuti pounikapo adzayambira chimbale chimene ngakhale panthawi yake chinkagulidwa ndi anthu owerengeka?

Mwina mukufunsa kuti nanga chimbale chenicheni chija chili kuti. Chinapindika ndi kutentha kalekale, koma Ada Manda anali atachijambulira pa kaseti. Kasetiyo inatumikira mpaka mawu anayamba kunjenjemera. Nyamanda atapeza nyimbo zomwezo pafoni, zomveka mbee, kunali chisangalalo pakhonde paja. Posesa m'nyumba, anasonkhanitsa makaseti onse n'kupatsa alamu ake amene amalima mpunga ku Limphasa. Kumeneko tepi ya kaseti ndi katundu wofunika: amaisolola n'kuimanga pa timitengo m'munda kuti izinyezimira ndi kulira ndi mphepo, mbalame zizithawa.

Lachitatu ndinamuperekeza Nyamanda ku Limphasa, mwina kasetiyo n'kukhala isanasololedwe. Tinapeza mpunga ukucha bwino, pamwamba pake matepi ali nyezinyezi kuchokera kumzere uno kukafika kutsidya. Alamu akewo anatilandira ndi manja awiri.

"Matepi aja andithandiza kwabasi, mlamu. Chaka chino mpheta sizinalawe kanthu," anatero.

Atamva chimene tinadzera, nkhope inagwa. Analowa m'kachisakasa n'kutuluka ndi zikhokhombe za makaseti m'jumbo. Pa chimodzi panali dzina la Gilibati, lolembedwa ndi dzanja la Ada Manda. Nyamanda anachigwira, n'kuyang'ana mundawo. Sakanadziwa n'komwe kuti mwa matepi onsewo, ya bambo ake aakulu ndi iti. Analira.

Musamuweruze Nyamanda. Anachita zimene ambirife tachita. Ndani mwa inu akusungabe makaseti? Zithunzi za ukwati wanu zili kuti? Nyimbo za kwaya ya kwanu, mawu a mayi anu amene anatsogola, zili m'nyumba mwanu kapena zili pamalo ena amene simudziwa ngakhale mwini wake? Tinauzidwa kuti zonse zili pafoni, ife n'kukhulupirira kuti zili m'manja mwathu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ife tinachotsa wapamphuno n'kumuika pachala tokha.

Sindikunena kuti wogulitsa kampani walakwa. Mwina wakalamba, mwina ana ake safuna za nyimbo. Katundu ndi wake. Wogulanso sanabe. Koma anthu a kuno nkhani yotereyi timaidziwa bwino. Malo a m'mbali mwa nyanja akagulitsidwa, mapepala amakhala olongosoka, onse awiri asayina. Tsiku lina mumangopeza mpanda pa kanjira kamene amayi akhala akudzera popita kukachapa, asodzi popita kudooko. Amene ankayenda m'kanjirako dzina lawo silikhala papepala, ndiye palibe amene amawafunsa.

Omvera nyimbo ndife oyenda m'kanjira. Jazi ndiye amavutika kwambiri, chifukwa sadzaza holo. Amakhala ndi moyo chifukwa cha timakampani tating'ono, ta anthu ouma mutu amene ankajambula woimba chifukwa chomukonda, ngakhale akudziwa kuti zimbale zidzagona m'sitolo. Kampani yotere ikamezedwa, wogula amayang'ana mayina akuluakulu awiri atatu amene anawalondola. Otsalawo amapita kumosungira katundu. Woimba lipenga wochokera ku Chintheche, wa dzina la timalemba ting'onoting'ono, kwa iwo ndi fumbi chabe.

Zimandipweteka, ndipo zimandikwiyitsa. Anthu athu anapita kukagwira ntchito m'maiko a eni, ena anasiya thukuta m'migodi, ena m'makhitchini, ena anasiya mpweya wawo m'zimbale. Zimene anasiyazo zikugulitsidwa kuchoka m'manja ena kupita m'manja ena, abale awo osamva ngakhale mphekesera. Kodi kwathu kuno tili ndi pamene banja lingapite n'kunena kuti, uyu anali wathu, tipatseniko mawu ake tisunge? Kodi nyimbo za magulu athu a jazi a mabanjo, zimene zinajambulidwa konkuno, zili m'manja mwa yani lero? Mawa akazitseka, tidzadandaula kwa ndani?

Ndalembera kampani yatsopanoyo. Yandiyankha ndi makina, kuti uthenga wanga ndi wofunika kwambiri kwa iwo.

Titabwerako ku Limphasa tinawapeza Ada Manda pakhonde. Nyamanda anagwada, n'kuwapatsa chikhokhombe chija, n'kufotokoza zonse osabisa. Mdalayo anachitembenuza, n'kuwerenga dzina limene analemba yekha.

"Palivi suzgu, mama. Dzuka. Mpunga nawonso ndi moyo," anatero, kumutsimikizira kuti palibe vuto.

Nyamanda atalowa m'nyumba, anatembenukira kwa ine, mawu atatsika.

"Asambizi, poyamba anachona, tinalira, anthu anabwera kudzatipepesa. Pano wachonanso kachiwiri. Maliro amenewa ndikauze ndani?"

Patapita kanthawi anayamba kung'ung'udza nyimbo ija, chala chikugogoda pabenchi m'malo mwa ng'oma. Sanaphonye paliponse. Ndinazindikira kuti kuno ku Chintheche chimbale chija chatsala m'mutu mwa munthu mmodzi, wa imvi mutu wonse, amene masiku ano akakwera kamtunda kochokera kunyanja amaima kawiri panjira.

Atafika pamene ng'oma zimalekera, analeka, n'kukweza chala. Nyamanda anaima pakhomo. Tonse tinatchera khutu monga tinazolowera, koma panalibe amene anapuma.