Msomali wa a Nakoma

Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi pamene dzanja langa linamenyetsa munthu wosalakwa. Bambo anga anali kalaliki woyang'anira nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Limbuli. Mu ofesi mwawo munali bolodi lalikulu lokhomedwa misomali. Pamwamba pa msomali uliwonse panali dzina la wantchito, ndipo pamsomalipo ankakolowekapo kakatoni kolembedwa nambala ya nyumba yake. Ukangodziwa dzina, nyumba waipeza.

Tsiku lina nditaweruka kusukulu, bambo anandipatsa kakatoni. "A Nakoma, nyumba 31. Ika pabolodipo," anatero akuthamangira kumunda. Ndinapeza msomali wolembedwa kale kuti Nakoma, uli ndi 8. Ndinaganiza kuti asamuka, choncho ndinachotsa 8 n'kutaya, n'kukolowekapo 31. Sindinadziwe kuti a Nakoma analipo awiri, ndipo wachiwiriyu anali atangoyamba ntchito sabata yomweyo.

Patapita masiku atatu, dzuwa lili paliwombo, kunabwera anyamata a chipani asanu atanyamula zibonga. Ankafuna a Nakoma amene anakana kugula khadi la chipani chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Bambo kunalibe, mu ofesimo ndinali ndekha. Anyamatawo anandikankhira kukhoma, n'kudziwerengera okha pabolodi.

Ndinawatsatira chapatali. A Nakoma atsopanowo, bambo wa imvi, anawapeza akuwotcha chinangwa pakhonde. Sanawafunse kanthu. Chibonga choyamba chinatera pakamwa, ndipo ndinamva mano akuthyoka ngati nthambi youma. Anagwera pamoto. Ankayesa kupisa dzanja m'thumba la malaya uku akulira m'Chilomwe, koma mnyamata wina analiponda dzanjalo ndi jombo mpaka zala zinapindikira kumbuyo. Akazi awo atadziponya pakati, nawonso anawatema pamphumi. Fungo la chinangwa chopserera ndi la nsalu yopsa sindinaliiwale mpaka lero.

Malaya atang'ambika, khadi la chipani linagwa m'thumbamo. Anyamatawo analitola, analiwerenga, analiponya pachifuwa pawo, n'kuthamangira ku ofesi kukafunsa bwino. Koma a Nakoma enawo anali atamva kale phokoso. Anadutsa m'minda ya tiyi ndi ana awo kulowera kumalire, ndipo sitinawaonenso.

Madzulo ndinaulula. Bambo anathyola mkwapulo wa bulugamu n'kundikwapula m'miyendo mpaka magazi, kenako anautaya n'kukhala pansi. "Ukapeza malo ali ndi mwini, uzifunsa usanachotse," anatero. M'mawa mwake anatenga hamala n'kuzula misomali yonse. Kuyambira pamenepo wofuna nyumba ya munthu ankayenera kufunsa iwowo, ndipo nthawi zina ankaiwala dala.

Lero ndimalemba mapulogalamu a kompyuta ku Blantyre, ndipo bolodi lotereli ndimalimanga pafupifupi tsiku lililonse. Timalitcha mapu: kiyi aliyense, monga dzina la pamsomali lija, amasunga chinthu chimodzi chokha, ukaika chatsopano pa kiyi yemweyo chakale chimafufutika popanda chenjezo. Achinyamata amene ndimawaphunzitsa ndimawauza kuti aziyamba aona ngati kiyiyo alipo kale, komanso kuti dzina la munthu si kiyi wodalirika.

Chimene chinanditengera zaka kuti ndimvetse n'chakuti ndikanapanda kulakwitsa, zibongazo zikanafika pa nyumba 8, pomwe panalibe khadi loti ligwe m'thumba. N'chifukwa chake munthu akandipempha kuti ndilumikize mayina a anthu ndi kumene amagona, ndisanagwire kompyuta ndimayamba ndafunsa kuti adzawerenge ndani.