Lilime la bambo

Mwana wanga wabwera ndi pepala lojambulidwa kachingwe kopotana ka DNA, ati kusukulu akukondwerera sayansi ya zotengera kumtundu. Ndangoti asa, pokumbuka aphunzitsi athu odzimva aja, a taye yotuwa ndi choko.

"Kupinda lilime ngati chitoliro mwana amatengera kwa makolo ake," anatero. "Mukawayese kunyumba."

Ndinapeza makolo akuyanika matemba pathandala ku Kachulu. Ine ndinapinda bwinobwino. Mayi analephera. Bambo anayesa mpaka malovu kuchucha, osatheka.

"Nanga ine ndinatengera yani?" ndinafunsa.

Bambo anaika dengu pansi n'kuwayang'anitsitsa mayi. Mayi anandipotokola khutu.

"Kawauze aphunzitsi akowo ayambe ayesa malilime a ana awo."