Galimoto ya Mulungu pa Dzina Langa

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene bambo a Tiya anatisiya. Iwo anali asodzi, ankatha miyezi ali ku chilumba cha Mbenji, ine n'kumagula usipa pa doko kukagulitsa ku msika wa pa boma. Atamwalira, mpamba unasungunuka ngati mchere m'madzi. Ndinapemphera sabata yathunthu, kenako ndinagulitsa malata amene tinasungira nyumba, n'kukwera basi.

Ana anga awiri, Tiya ndi Madalo, ananditengera ndi Mai a Hawa, mnzanga amene tinkayanika naye usipa pa thandala limodzi. Iwo ndi Asilamu, ine wa ku tchalitchi, koma zimenezo sizinatilekanitsepo. Tsiku lonyamuka anandigwira dzanja nati, "Pitani, Mai a Tiya. Podya Hawa, awanso adya pomwepo. Inshallah mudzawapeza atakupitirirani msinkhu."

Ku Joni ndinapeza ntchito ya m'nyumba: kuchapa, kusita, kukolopa, kulera mwana wa eni ake pamene anga akuleredwa ndi ena. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Kuzizira kwa kumeneko kumalowa m'mafupa, koma choposa kuzizira ndi kukhala masiku atatu osamva munthu akukufunsa kuti mwadzuka bwanji. Lamlungu ndinkaimba ndekha nyimbo za kwathu uku ndikupukuta mawindo, misozi n'kumagwera pa galasi lomwe ndapukuta kale. Malipiro ndinkawagawa pawiri, theka kumudzi, theka kubisa. Kulemba sindifulumira, sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, choncho ine ndi Mai a Hawa tinkangotumizirana mawu ojambula pa foni. Ndinkawamvetsera kawirikawiri, makamaka pomwe tambala wa kwathu akumveka chapatali kumbuyo kwa mawu awo.

Kumeneko ndi komwe ndinamva za inshuwalansi. Adona anga anali nayo ya nyumba, ya galimoto, ngakhale ya galu. Galu! Ndinkaseka chamumtima. Koma nditawauza m'chaka chachisanu kuti ndikufuna kugula kagalimoto kumudzi, anandikhazika pansi nati ndisayerekeze kuyisiya yopanda inshuwalansi yabwino. Mwezi wa Ogasiti ndinabwera ku tchuthi, ndipo alongo anga a Lasitoni anandiperekeza ku Lilongwe kukagula galimoto yakale koma yamoyo. Ku ofesi ya inshuwalansi ndinangoti, "Ndipatseni yaikuluyo, yophimba zonse." A Lasitoni anandikodola kuti ndikutaya ndalama. Mapepala anali a Chingerezi, ndinasayina osamva ngakhale mzere umodzi. Galimoto tinaiimika pansi pa mtengo wa mango kwa alongo angawo, ine n'kubwerera kukamaliza chaka chotsiriza.

Mu Disembala, m'mawa wina ndikusita, foni inalira. Anali Mai a Hawa: Hawa matenda a uchembere amuyamba, ku chipatala chaching'ono akuti mwana wagona mopingasa, apite msanga ku boma, ambulansi yatuluka. Amuna a Mai a Hawa, Che Mussa, anayendetsapo malole zaka zambiri. Ankapempha galimoto.

Ndinasiya simbi pa malaya a abwana, n'kujambula mawu: "Mai a Hawa, mpaka kupempha? Galimotoyo si yanga, ndi ya Mulungu, ine anangondisungitsa. Auzeni Che Mussa akatenge makiyi kwa alamu anga, akazi a Lasitoni, athamange!"

Anafika bwino, Hawa anachira, mwana wamkazi. Koma pobwerera Che Mussa ali okha, mvula ikugwa, mbuzi inadumphira mu msewu. Pozemba, galimoto inaterereka n'kugunda bambo wina wa pa njinga, a Banda a ku Chitala, n'kukathera mu ngalande. A Banda mwendo unathyoka. Galimoto kumaso kwake kunaphwanyika.

A Lasitoni anandiimbira atakwiya. "Achemwali, mwaona zobwereketsa? Inshuwalansi imateteza mwini wake basi. Mukanena kuti munawalola, sakupatsani kanthu, ndipo mlandu wa munthu wovulalayu ugwera inu. Njira ndi imodzi. Mukanene kuti anatenga okha, inu simunadziwe. Tsiku limenelo ine kunalibe, ndikuikirani umboni."

"Ndiye Che Mussa adzakhala ndani?"

"Zimenezo n'zawo."

Ndinadziwa yankho. Munthu wotenga galimoto mwini wake asanalole ndi wakuba. Bambo amene anagulira Madalo wanga yunifolomu, amene ankapita ku sukulu kukaimira ana anga ngati ake, akamangidwe ngati mbala. Sindibisa, ndinaganizira. Zaka zisanu za maondo pa simenti ya eni zinali mu ngalande muja. Mdyerekezi amadziwa kuwerengera thukuta la munthu. Mai a Hawa anasiya kutumiza mawu, manyazi atawagwira, ndipo ine foni ndinkangoiyang'ana. Mu Januwale ndinatsanzika kwa adona, n'kulongedza zonse.

Sindinayambe ndafika kunyanja. Ndinatsikira ku Lilongwe, a Lasitoni akundidikira pa depoti, ndipo njira yonse yopita ku ofesi ankandiphunzitsa zokanena. Ine mumtima ndinkangoti, Ambuye, gwirani lilime langa.

Tinapeza mayi wina wa magalasi, wa msinkhu ngati wanga, atatsegula fayilo. Lipoti la apolisi linali momwemo kale. Anati oyendetsa laisensi yawo inali yamoyo, mowa sanamwe. Anafunsa ngati ananyamula anthu olipira, ndinati ayi, anali mwana wodwala. Kenako anavula magalasi.

"Funso lalikulu ndi ili, mayi. Kodi munawalola?"

A Lasitoni anandiponda chala pansi pa tebulo.

"Ndinawalola," ndinatero. "Ngati ndataya galimoto, ndataya. Koma bambo aja sanabe."

"Muli ndi chosonyeza? Kalata, kapena uthenga?"

Kalata ndikanaitenga kuti? Ndinatulutsa foni, n'kufufuza mawu aja, n'kuwatsegula. Ofesi yonse inamva ine ndikukuwa kuti galimoto si yanga, ndi ya Mulungu. Anthu a pa matebulo ena anadzutsa mitu. Mayi uja anaseka mpaka kupukuta m'maso.

"Ndiye tilipire ndani, mayi? Pa pepala pano palembedwa inu, koma mwini wake mwamutchula wina."

"Lipirani ine, ndikamufikitsira," ndinayankha, osadziwa kuti mawuwo achokera kuti.

Ndipo anandimasulira m'Chichewa zimene ndinasayina mu Ogasiti. Anati inshuwalansi zimasiyana. Ina imatchula mayina a oyendetsa, wina akagwira chiwongolero yathera pomwepo. Ina imangolipira amene wagundidwa, galimoto yako udzionera wekha. Koma yanga inalembedwa kuti aliyense wa laisensi amene mwini wake wamulola. Anati akonza galimoto, ine ndingoperekapo kagawo koyamba kamene kanalembedwa m'pangano, ndipo za a Banda nazonso aziona. Kenako anayang'ana a Lasitoni, ngati anaona za pansi pa tebulo zija.

"Mukananena kuti anatenga okha, nkhani ikanabwerera ku polisi ngati yakuba. Ndipo bodza likadziwika, sitilipira ngakhale tambala."

Mawu amene ndimaopa kuti andimiza ndi omwewo anandiwolotsa. Pepala lija, limene sindinathe kuliwerenga, linakhala miyezi isanu likudikira kuti ndinene zoona basi. Ndani anaika mzere umenewo pamenepo, Hawa asanamve ngakhale kupweteka? Ndinagwada pomwepo pa matailosi, anthu akuona. A Lasitoni anangovula chipewa.

Kumudzi ana anga anandipitiriradi msinkhu. Titalirirana, ndinathamangira kwa Mai a Hawa ndi nkhani yanga yabwino. Ndinapeza Hawa yekha akuyamwitsa pa khonde.

"Amayi ndi ababa ali ku Chitala," anatero. "Amapita m'mamawa uliwonse. Lero ndi sabata yachitatu."

M'mawa mwake ndinakwera kabaza. Nyumba ya a Banda sinavute kupeza. Anali pa mkeka, mwendo uli m'chikhakha, ndipo nditadzitchula anandilozera kumunda ndi ndodo yawo.

"Mwabwera kudzaona ondigunda? Ali uko. Ine chibadwire munda wanga sunapaliridwepo chonchi. Mkazi wanga akuti chaka chamawa ndikagundidwenso."

Ndinaima m'mphepete mwa munda. Chimanga chobiriwira, mizere yoyera mpaka kumapeto. Che Mussa, munthu wa imvi, atawerama ndi khasu. Pambali pawo amayi a ku mzikiti atafunda mipango yawo, ndi amayi anayi a ku tchalitchi kwathu, onse mzere umodzi. Palibe anawatuma. Palibe anadziwa kuti ku Lilongwe kutuluka zotani, kapena kuti ine ndikanena chiyani. Anangoona kuti munthu wagona, udzu sudikira mwendo. Zaka zisanu ndinkasirira dziko limene ngakhale galu ali ndi pepala lomuteteza, osadziwa chimene ndinasiya kuno.

Che Mussa atandiona anagwetsa khasu. "Mai a Tiya, ndakulakwirani. Ndilibe pogwira."

"Che Mussa, a inshuwalansi avomera. Akonza galimoto, a Banda awathandiza. Ndawauza kuti ndinakutumani ndine."

Anakweza manja onse kumwamba. "Alhamdulillah," anatero katatu, misozi ikutsikira mu ndevu.

Mai a Hawa anabwera pang'onopang'ono, akupukuta manja pa chitenje. Anandiyang'ana kuyambira nsapato za ku Joni mpaka kumutu. Ndinkayembekeza kuti alira, kapena apepesa. Iwo anangotola khasu lija n'kundipatsa.

"Zikomo tikanena kunyumba. Kwatsala mizere isanu ndi umodzi, mvula ikubwera. Kapena manja anafewa ndi sopo wa adona?"

Ndinavula nsapato, n'kulowa mu mzere.