NyaHara, Woyenda Popanda Kopita

Nditangokwatiwa ku Manyamula, mayi wina wogulitsa tomato pamsika anandichenjeza za apongozi anga. Atamva kuti ndine mkazi wa Bennet Thole anandiyang'ana mwachisoni, n'kunena kuti apongozi angawo ndi munthu wabwino ndithu, kungoti chibwerere ku Joni mutu wawo suli ngati kale. Akuti amangoyendayenda m'tchire.

Ine ndine Linily, kwathu ndi ku Dowa, ndipo ndinabwera kuno kudzaphunzitsa kupulayimale. Anthu a kuno ananditcha NyaMbewe, chifukwa mkazi amamuitana ndi mfunda wa bambo ake. Apongozi angawo dzina lawo ndi Kezia, koma aliyense amawatchula kuti NyaHara, ife a pakhomo timangoti amama. Ndi mayi wamfupi, wa miyendo yolimba, wosakonda zolankhulalankhula. Akamacheza nane amayesetsa Chichewa, ndipo mawu akawasowa amangoti "mbwenu" m'Chitumbuka chawo n'kupitiriza.

Ku Joni anapita ali munthu wamkulu kale, ana atafika kusekondale. Amuna awo, a Nason, anatsala kumudzi ndi ng'ombe ndi munda. Amama anapeza ntchito ya m'nyumba kwa gogo wina wachizungu, wamasiye, m'katauni ka m'mphepete mwa nyanja yamchere cha ku Kepi. Loweruka lililonse gogoyo ankayenda wapansi m'tinjira todutsa pamwamba pa matanthwe, nyanja ili m'munsi. Poopa kugwa ali yekha, ankatenga amama kuti azimunyamulira kachikwama ka madzi ndi buledi.

Poyamba amama ankaona ngati chilango. Galimoto ili pakhomo, munthu n'kumakhetsa thukuta kupita kumene kulibe maliro, kulibe chigayo, kenako n'kubwerera komwe wachokera. Koma anandiuza kuti tsiku lina, atakhala pamwala kudikira kuti gogoyo apume, anazindikira kuti chibadwire anali asanayendepo popanda mtolo pamutu kapena nkhawa yoti achedwa. Anakhala akuonerera mafunde akumenya miyala, mphepo yozizira ikuwasiyira mchere pamilomo. Chapatali panatumphuka chinsomba chachikulu ngati basi, chikupemerera madzi m'mwamba. Kuyambira pamenepo ankachita kuliyembekezera Loweruka.

Gogoyo atamwalira, amama anabwerera kumudzi. Anzawo pochokera ku Joni amanyadira mafiriji ndi masofa, koma iwo chimene ankachisamala kwambiri chinali majombo achikopa amene gogo uja anawagulira. Loweruka loyamba anawavala kunsi kwa chitenje, n'kutenga botolo la madzi, ulendo wa kudambo. Anabwerako masana opanda nkhuni, opanda bowa, opanda ngakhale suku limodzi. Anthu anayamba kunong'ona. Ena ankati akukumba mankhwala, ena ankati ali ndi munda wa chamba kuseri kwa phiri. Alongo awo a a Nason ndiwo anafika ponena kuti mkazi amene wakhala kunja zaka zambiri sangamalowe m'tchire yekha popanda wina womudikira kumeneko.

A Nason ndi munthu wamtali, waulemu wake, mkulu wa mpingo. Mawu a alongo awowo anawalowa, koma kufunsa anachita nako manyazi. Choncho Loweruka lina m'chilimwe anawatsatira chapatali. Amama anadutsa dambo, anawoloka kamtsinje pamtengo wogwa, n'kuyamba kukwera m'mitengo ya masuku ndi mitondo. Amama atacheuka mwadzidzidzi, a Nason analumphira kuseri kwa chulu. Tsoka lake pachulupo panayanga chitedze.

Anayesa kupirira mwakachetechete, koma chitedze sichidziwa mkulu wa mpingo. Amama akuti anamva phokoso ngati la mbuzi ikudzikhula pamtengo. Atabwerera anapeza amuna awo atavula malaya, akudzikanda kumsana ndi kamtengo, maso ali psuu. Sanaseke, sanafunse kanthu. Anatapa dothi louma n'kuwakhula nalo msana ndi mikono, kenako anatsikira nawo kukamtsinje kuja kukawasambitsa. Kuyabwa kutachepa anati:

"A Thole, poti mwafika kale pano, tiyeni mukamuone mwamunayo."

Pamwamba pa phiripo panalibe munthu. Panali thanthwe lalikulu lafulati, ndipo m'munsi dziko lonse linali poyera: malata a pa Manyamula akunyezimira, mzere wa mitengo yobiriwira motsata mtsinje wa Rukuru, minda yokololedwa, ndi mapiri otuwa cha ku Zambia. A Nason anafunsa kuti nanga pamenepa amadzatani. Amama anayankha kuti amadzakhala.

Nkhaniyi ndinaimva kwa onse awiri, ndipo apa ndi pamene amasiyana. Amama amati amuna awo ananena kuti ali mnyamata ankakwera phiri lomweli ndi ng'ombe, koma maso ankangokhala pamichira ya ng'ombezo. A Nason amakana. Iwo amati anangoona kuti denga la nkhokwe lapendekeka, basi.

Sanavomerepo kuti kuyendako anakukonda. Mpaka lero amati n'kutaya nthawi. Koma Loweruka lotsatira anakumbukira kuti akufuna mtengo wa mpini, ndipo mitengo yabwino ya mipini ili kuphiri. Linalo anafuna luzi. Kenako mpini wina. Panopa kuseri kwa khitchini kwathu kuli mipini yokwanira makasu a mudzi wonse.

Ine ndinkawaona ngati nthabwala chabe anthu awiriwa, kufikira chaka changa chachiwiri m'banja, pamene ndinapita padera mimba ili yaikulu kale. Nditatuluka m'chipatala ku Boma ndinadzitsekera m'nyumba. Bennet ankangozungulira, osadziwa chochita. Amayi a kutchalitchi ankabwera ndi mavesi, ine n'kumangovomera kuti apite msanga. Mayi anga ondibereka anali kutali, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadziona kuti ndine mlendo pakati pa anthu a chinenero china.

M'mawa wina amama analowa kuchipinda atanyamula nsapato zanga zansalu.

"NyaMbewe, valani. Mundiperekeze."

Ndinawauza kuti ndilibe mphamvu.

"Pamene mutopere, mbwenu tibwerera pomwepo."

Tsiku limenelo tinangofika pamtengo wa mango wa m'mphepete mwa dambo. Sabata yotsatira tinawoloka kamtsinje. Sanandifunsepo mmene ndikumvera. Ankangoyenda patsogolo, n'kumandionetsa njira: iyi ndi ya ng'ombe, iyi anaiponda ana a sukulu pothawa matope, iyi ndi ya owotcha makala, ndipo imeneyi amama ankaida. Ina inkapita kumabwinja kumene kunali mudzi wa agogo ake a Bennet, komwe kwatsala mitengo ya mango ndi mphero yosweka. Ankatchula mitengo m'Chitumbuka, ine n'kutchula m'Chichewa, ndipo nthawi zina tinkatsutsana ngati ana. Ndinadabwa tsiku lina kudzimva ndikuseka.

Tsiku limene tinafika pathanthwe lija, nditangokhala pansi misozi inayamba yokha. Ndinalira mokweza, mmene ndinali ndisanalirirepo m'nyumba muja. Amama anatembenukira kumbali, n'kumasenda mbatata yophika imene anatenga. Nditatonthola anandipatsa theka, n'kunena akuyang'ana kutali:

"Bennet asanabadwe, nanenso wanga anapita chomwechi. Ine ndinalirira mumzere wa chimanga, khasu lili m'manja. Panalibe wondipititsa kulikonse."

Nkhaniyo sitinaibwerezenso. Tinadya mbatata ija n'kutsika.

Patapita nthawi, amayi angapo a umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi, anauzidwa kuchipatala kuti aziyenda chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Kuyenda okha mumsewu anachita nako manyazi, ndiye anabwera kwa amama. Alongo awo a a Nason aja analinso m'gululo, atavala nsapato za mdzukulu wawo. Amama anawalandira, ngakhale pobwerako ankandidandaulira kuti anthuwo amalankhula chomene, mbalame zonse zimathawa iwo asanafike.

Chaka chathachi bondo la amama linatupa. Adokotala anawaletsa zokwera mapiri. Anakhala pakhonde masabata angapo, mwendo uli pampando, akukalipira nkhuku ndi aliyense wodutsa. Ngakhale mwana wanga Yewo, amene anabadwa pambuyo pake ndipo amamukonda kwambiri, sankawasangalatsa.

Loweruka lina m'mawa tinamva mabelu a ng'ombe pabwalo. A Nason anali atamanga ngolo, atayalamo matiresi, ataikamonso botolo la madzi. Amama anakana, amvekere iwo si thumba la chimanga loti lizinyamulidwa. A Nason anangoima atagwira chingwe, akuyang'ana kumwamba ngati akuona za mvula, mpaka amama anandituma kuti ndikawatengere ndodo.

Tinapita tonse, ine nditabereka Yewo kumsana. Patsinde pa phiri amama anatsika, n'kuliyang'ana phirilo kwa kanthawi. Kenako anakhotera kumanzere, m'kanjira kafulati kotsata kamtsinje, kamene zaka zonsezi ankangokadutsa pothamangira kukwera. Tinayenda pang'onopang'ono, iwo akutsimphina, a Nason ali pambuyo. Kutsogolo tinapeza dziwe laling'ono pansi pa mikuyu, madzi ake oyera mpaka mchenga kuoneka, ndipo kambalame kabuluu kanadumphira m'madzimo n'kutuluka ndi kansomba. Amama anakhala pamuzu n'kuviika mwendo wodwalawo. Anafunsa amuna awo chifukwa chake sanawauzepo za malo amenewa. A Nason anati ankayesa kuti anthu oyenda ku Kepi safuna timadziwe ta kumudzi.

Pobwerera dzuwa linali litatentha. Ngolo isanafike n'kudambo komwe, amama anagona tulo, atatsamira jekete la amuna awo. A Nason anatsika n'kumayenda patsogolo pa ng'ombe, akuzilondolera kuti zipewe maenje, mkwapulo ataupinda m'khwapa. Yewo atayamba kudandaula kumbuyo kwanga, a Nason anacheuka n'kuika chala pakamwa. Ndinamuyamwitsa kuti atonthole, ndipo tinakafika kunyumba amama asanadzuke.