Wololedwa kufunsa za mwana wanga

Apolisi anagogoda Lachiwiri m'mawa, ku Ilford, ine ndikuthira phala m'fulasiki loti ndipite nalo kuchipatala ku Edmonton. Mwana wanga wamkazi, nesi amene anandiitanitsa kuno, anali atagonekedwa ndi impso. Masiku a viza yanga anali atatha, koma ndikanamusiya bwanji? Wapolisi wamkazi anati, "Tengani jekete, mama, kunja kukuzizira."

Kumene anatitsekera sanandimenye ayi. Anangolanda foni yanga n'kundipatsa ina yopanda dzina la munthu aliyense. M'chipinda ndinali ndi mayi wa ku Chipata, wodziwa Chingerezi. Lachinayi anaimba foni kuchipatala m'malo mwanga.

"Akuti ndimwe ndani?"

"Auzeni ndine ndinamubereka."

Anamvetsera, nkhope n'kugwa. "Akuti pepani, ambuya. Za wodwala amauza mwiniwake, kapena amene iye anamutchula. Anatchula mwamuna wake."

"Amufunse mwiniwakeyo tsono!"

"Akuti pano sangathe kuyankha."

Mawu amenewo ndinadya nawo, ndinagona nawo.

"Tumilani mwamuna wakeyo," anatero mnzangayo. "Nambala ili kuti?"

Ndinalibe. Kwathu ku Dedza mkamwini sitiyang'anizana naye. Iye akalowa kukhitchini ine ndinkatuluka, zonse zinkadzera mwa mwana wanga. Nambala yake ndikanaisungiranji? Mayiyo anagwira pakamwa. "Imwe ambuya, ulemu wanu wakupwetekani!"

Ndinachonderera mlonda. Anati, "Zimenezo si za ofesi yathu." Ndinaimbabe kuchipatala, mpaka anesi analizolowera liwu langa. Mmodzi anandiuza mwachifundo, mnzangayo akumasulira, kuti lamuloli limateteza wodwala. Kumuteteza kwa ine, amene ndinamuyamwitsa.

Mu Epulo anandiuza kuti, "Longedzani, mwatuluka pa belo." Pageti panaima mkamwini wanga. Anali atandifunafuna, nayenso akumukaniza kuti za munthu wotsekeredwa sauza aliyense, mpaka anapeza loya. Ndinatembenukira kumbali monga mwa mwambo. Iye anagwada pasimenti yonyowa, nandigwira manja onse awiri, n'kundiyang'ana m'maso.

"Amayi," anatero.

Sindinafunse. Mwana wanga anali atamuika kale m'manda.

Akuti tsopano ndine mfulu. Basi ya ku Edmonton ndingakwere tsiku lililonse, kungoti kulibe wokamuona. Ndinafunsa loya ngati achipatala angandiuze kuti mwana wanga anandiitana asanatsirizike. Akuti wololedwa kufunsa ndi mwamuna wake yemweyo.

Ndiye pa ukalamba wanga uno ndikuphunzira kukhala naye tebulo limodzi. Funsolo sindinafikebe nalo kwa iye.